Bisani Thupi la Agogo, Musabise Ndalama Zawo

Ana anga a ku Mualadzi, a ku Nsadzu ndi inu a kuno ku Chifunde, m'midzi mwathu mwabuka ntchito imene makolo athu sankaiwerengera ngati ntchito: kusamala wokalamba wa eni ake n'kumalandirapo malipiro. Kale munthu akafooka mawondo mbumba inalipo. Mwana wamkazi ankamanga kuseri kwa nyumba ya amake, mkamwini n'kumalima pomwepo, adzukulu ali yakaliyakali pabwalo, moti wopala moto kapena wotunga madzi sankachita kumufunafuna. Lero mwana wina ali ku Tete, wina ku malasha ku Moatize, wina anatengwa ku Katete, wina ali m'maenje a golide, wina analowera ku Joni. Chimene chimafika pamudzi ndi uthenga wa pafoni wonena kuti ndalama zalowa pa M-Pesa kapena pa e-Mola. Ndi ndalama zimenezo mumapeza mtsikana wa mudzi woyandikana nawo, kapena mayi wamasiye, kapena mdzukulu wa achemwali amene sukulu inamukanika, kuti azikhala ndi agogo.

Sindikukudzudzulani ayi. Munthu amatsata kumene kuli chakudya, ndipo fodya wa kuno sangadyetse tonse. Ndingokukumbutsani kuti achikulire mukuwasiya m'manja mwa alendowa ndi omwe aja anabereka inu kapena makolo anu kumsana nthawi ya nkhondo, kuyenda usiku m'tchire mpaka ku Ukwimi m'boma la Petauke kapena ku Malawi, n'kudzabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 kudzapeza minda itasanduka thengo. Tsono ngati mwaganiza zolemba munthu wowasamala, chitani zimenezo mwadongosolo.

Chimene ndaona m'makomo ambiri n'chakuti zinthu timazichita chadodolido. Zoyenera kubisa timaziika pambalambanda, zoyenera kukhala poyera timazikwirira. Thupi la agogo, zimene achita pamphasa usiku ndi zimene alankhula mutu utasokonezeka, mudzi wonse umazidziwa. Koma malipiro a wowasamala, ndalama zimene ana atumiza ndi mankhwala amene akumwa, zimadziwika ndi anthu awiri okha, ndipo tsiku la mkangano aliyense amalumbira zake.

Ndiyambe ndi iwe amene walembedwa ntchitoyi. Nyumba walowayo ndi ya agogowo, ngakhale wokulipira ali ku Tete. Pakhomo pa chipinda chawo uziti odi, ngakhale ukudziwa kuti sangadzuke kudzakutsegulira. Ndi "agogo", ndi "inu". Tsiku limene udzayambe kuwatchula "iwe" chifukwa choti wawachotsera zofunda zonyowa, udziwe kuti ntchito yayamba kukukanika. Usanawagwire uziyamba wawauza: "Agogo, madzi afunda, ndikusambitseni?" Akakana usalimbane nawo. Dikira dzuwa likwere, ufunsenso. Munthu amene wasamba yekha zaka 70 sazolowera msanga manja a mwana wa eni.

Madziwo uwayese ndi chigongono chako, chifukwa khungu la wokalamba ndi lopyapyala, ndipo ena, makamaka odwala shuga, samva kutentha kumapazi mpaka atapsa. M'bafa muike mpando wolimba, pansi pasakhale ndere. Chitenje chimodzi chisachoke pathupi: ukamasambitsa msana kutsogolo kukhale kofunda, ukamatsikira kumiyendo mapewa akhale ofunda. Kumene iwo angathe kufikira okha, apatse kansalu ndi sopo, iwe n'kutembenukira kumpanda ngati ukufunafuna kanthu. N'zochedwetsa, ndikudziwa. Koma ndaonapo achikulire akusambitsidwa kuseri kwa nkhokwe ana asukulu akudutsa, wosambitsayo akuti kubafa n'kutali. Munthu wochitidwa zotero mawa lake amakana madzi, anthu n'kumati wayamba uve.

Inu eni banja, mwambo wathu unaika kale malire pa nkhani ya thupi. Mkamwini sayandikira thupi la apongozi ake aakazi, mtengwa saona umaliseche wa apongozi ake aamuna. Kusowa kwa anthu kusakuchititseni kulumpha malire amenewa musanakambirane ndi mwini thupiyo. Ngati wodwala ndi bambo ndipo mwalemba mtsikana, pezani mwamuna, kaya mphwawo kaya mdzukulu, woti azibwera kudzawasambitsa ndi kuwaperekeza kuchimbudzi. Mtsikanayo aziphika, azichapa, aziwapatsa mankhwala. Zimenezi zimateteza onse awiri. Agogo aamuna amaseka ndi mdzukulu kuti "mkazi wanga", ndipo ndi nthabwala yakalekale yopanda choipa. Koma mwana wa eni si mdzukulu wawo, ndipo pali abambo ena amene mutu ukayamba kusokonezeka manja amasowa mwambo. Mtsikana akadandaula zimenezi musamuseke, musamuuze kuti "ndi akulu, ingopirira." Nanunso anyamata a pabanjapo, mlendoyu ndi mlongo wanu. Agone m'chipinda chimene chitseko chake chimatsekeka mkati. Milandu ya mimba za antchito zosadziwika eni ake taimva mokwanira pabwalo la amfumu.

China chinabwera ndi mafoni. Mwana ali ku Johannesburg akuti, "Tandijambulire amayi ndiwaone." N'zomveka, mtima uli m'mwamba. Koma chithunzicho chijambulidwe agogo atavala, atakhala pakhonde, atavomera. Zilonda za kumalo obisika ndi mphasa yonyowa si zoyenda pa WhatsApp. Chithunzi chikachoka m'foni mwako sichibwerera. Chimafika pagulu la banja, mawa chili pagulu la mpingo.

Tsopano za poyera. Tsiku loyamba, musanamusonyeze n'komwe pamene pali mafuwa, khalani pansi. Pakhale mwini mbumba, pakhale wa kwawo kwa wantchitoyo, pakhalenso nyakwawa kapena mlembi wa mudzi ngati mboni. Agogo eni ake akhalepo ndipo afunsidwe ngati munthuyo amulandira, pakuti ndiwo adzagone naye nyumba imodzi. Ukwati timauikira ankhoswe chifukwa timadziwa kuti anthu okhala pamodzi sangalephere kuyambana. Ntchito iyinso ikhale ndi ankhoswe ake mbali zonse ziwiri, kuti wokhumudwa akhale ndi kokatula nkhawa zake m'malo mozisunga mumtima n'kumalipsira pa wodwala.

Boma lili ndi lamulo la antchito a m'nyumba, Decreto 40/2008 la pa 26 Novembala 2008, ndipo kusamala okalamba ndi odwala kuli m'gulu la ntchito zimenezi. Lamuloli limati ntchito isapitirire maola 9 patsiku kapena 54 pamlungu, ndipo pakhale tsiku lopuma mlungu uliwonse. Silikakamiza kuti pangano lilembedwe, ndiponso silinena malipiro ochepetsetsa. N'chifukwa chake ine ndikuti lembani ndithu. Tsamba limodzi la kope likwana: ndalama zingati, tsiku liti la mwezi, wotumiza ndani, ntchito zake ndi ziti, apuma liti, ndipo akapuma alowa m'malo ndani. Funso lomalizali ndi limene mabanja amalizemba. Wodwala wa pamphasa sadziwa za maola 9. Amaitana pakati pa usiku, amaitananso tambala woyamba. Ngati palibe wachibale wobwera kudzagona nawo masiku ena, ndiye kuti mwasenzetsa mwana wa eni mtolo umene inu eni magazi unakulemerani muli gulu. Mugwirizanenso kuti wopereka malangizo akhale mmodzi. Si bwino kuti wa ku Moatize aimbe m'mawa kuti amayi asadye mchere, wa ku Chipata aimbe madzulo kukalipa kuti bwanji ndiwo za amayi zilibe mchere.

Mawu akuti "tidzakupatsa fodya akagulidwa" adanitsa anthu ambiri kuno. Fodya amagulidwa nyengo imodzi pachaka, ndipo kampani ikachotsa ngongole ya feteleza ndi mbewu, chotsalacho chimakhala ndi eni ake ambiri. Wantchito amaima kumapeto kwa mzere. Ngati simungathe kulipira ndalama mwezi ndi mwezi, nenani poyera kuti gawo lina ndi chimanga, zitini zakutizakuti, ndipo zilembedwe. Komanso musachotse mwana wa zaka 12 pasukulu kuti azikanyamula munthu wamkulu. Lamulo la 2008 lija linaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 15 popanda chilolezo cha omulera, koma ngakhale iwo atalola chifukwa cha njala, msana wa mwana sunakhwime, ndipo nzeru zodziwira kuti wodwala wafika pothamangira naye kuchipatala alibe.

Ndalama za agogo ndi za agogo. Ena amalandira kandalama ka boma kochokera ku bungwe la INAS, ka pulogalamu ya PSSB, kamene mu 2018 kanaikidwa pa 540 meticais pamwezi kwa munthu wokhala yekha. N'kochepa, ndipo kawirikawiri kamachedwa n'kubwera ka miyezi ingapo pamodzi. Tsiku limene kafika, achibale amene sanaoneke chaka chonse amatulukira ndi moni wautali. Kawerengedwe m'manja mwa eni ake pamaso pa mboni, ndipo anene okha chogula. Akafuna fodya wa mphuno kapena kanyama, musawauze kuti akuwononga. Iwe wowasamala, ngati pali wachibale wodalirika pafupi, chiphaso chawo ndi nambala yachinsinsi ya foni yawo zikhale kwa iyeyo. Ngati palibe ndipo zagwera iwe, lemba khobidi lililonse lolowa ndi lotuluka: sopo, shuga, mafuta a njinga yamoto yopita kuchipatala. Akakupatsa mphatso, kaya ndi nkhuku kaya ndi chitenje cha m'sutikesi, thokoza, koma uwauze ana awo tsiku lomwelo, chifukwa chitenje chimenecho akadzachiona pathupi pako agogo atapita, palibe adzakhulupirire kuti unachita kupatsidwa.

M'mudzi wina kufupi ndi msewu wopita ku Cassacatiza, mtsikana anathamangitsidwa madzulo, katundu wake ataponyedwa pabwalo, chifukwa agogo anati wawabera ndalama zimene mwana wawo anatumiza. Analira, analumbira, palibe anamumvera. Patapita miyezi, pofolera nyumba mvula isanagwe, anyamata anapeza kansalu kofiira katasomekedwa mu udzu pamwamba pa chitseko, ndalama zonse zili momwemo, chiswe chitadya m'mbali. Agogowo sananame dala. Anabisa okha n'kuiwala. Anthu anaseka, ndalamazo zinagula shuga, koma palibe ananyamuka kukapepesa kwawo kwa mtsikana uja, ndipo dzina la wakuba linamumatirira. Panangosowa kope ndi munthu mmodzi wofatsa wonena kuti tiyeni tiyambe tafunafuna.

M'kope lomwelo muzilembanso mankhwala. Okalamba ambiri ali pa mapiritsi a BP, ena a shuga, ena pa ma ARV, ndipo amenewa samwa mwa apo ndi apo. Amene amasiya a BP chifukwa "lero ndikumva bwino" ndiwo timawapeza m'mawa pakamwa patapotoka, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zitafa. Zikatero musataye nthawi ndi kutema mphini, thamangirani kuchipatala. Wowasamala asamwetse wodwala chilichonse chosachokera kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi aja timawatcha ma APE, pokhapokha eni mbumba akudziwa. Azakhali akabwera ndi botolo la mizu, nkhaniyo ipite kwa mwini mbumba, ndipo achipatala afunsidwe ngati silingalimbane ndi mapiritsi. Iwe usalandire botololo n'kumamwetsa mwakachetechete. Zikavuta, woyamba kulozedwa chala kuti "anawadyetsa" ndi mlendo.

Wogona osatha kudzitembenuza azitembenuzidwa pakatha maola awiri alionse. Uziyang'ana kunsi kwa msana, m'chiuno, pazidendene ndi pamapewa. Khungu likasintha mtundu pamalo amenewa, likatentha kapena kulimba, chilonda chayamba kale mkati, ndipo chikatseguka chimavuta kupola. Pogona pakhale pofewa ndi pouma. Powadyetsa akhale tsonga, supuni ikhale yaing'ono, ndipo udikire ameze usanawonjezere, pakuti kudyetsa munthu ali chagada kumalowetsa phala m'mapapo. Powadzutsa usawakoke mikono. Pinda mawondo ako, uwakumbatire, ndipo ngati ndi olemera itana mnzako. Mu Juni ndi Julayi kukazizira, musawatsekere m'nyumba ndi mbaula. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, umapha munthu ali m'tulo. Moto wa nkhuni ukhale patali ndi bulangete. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri akayezedwe TB, chifukwa wogona nawo chipinda chimodzi nayenso ali ndi mapapo. Sopo ndi magolovesi agule ndi eni banja, zisachoke m'malipiro a wantchito.

Ndafika pa nkhani imene imandiwawa koposa. Pali matenda a ubongo amene amagwira anthu ena akakalamba. Munthu amaiwala kuti wadya, amaitana mwana wake ndi dzina la mlongo wake amene anamwalira kalekale, amadzuka pakati pa usiku kuti akupita kumunda, kapena kuti asilikali akubwera tithawe. Ena amavula n'kutuluka, n'kukapezeka m'bandakucha pakhomo pa eni kapena kufupi ndi manda ali mbulanda. Mukudziwa chimene anthu amanena akapeza wokalamba ali chotero. Ndipo akamuzungulira n'kumufunsa mwaukali kuti "unadya ndani?", amavomera chilichonse, n'kutchula ndi mayina omwe, chifukwa mutu sukugwira.

Apa pakamwa pako, iwe wowasamala, pakhoza kupha munthu. Zimene wamva usiku usapite nazo kuchitsime kapena kuchigayo. "Agogo aja usiku amalankhula ndi anthu osaoneka." Mawu ochepa chonchi akagwa m'mudzi momwe mwangochitika maliro a mwana, sabwezeka. Mu Januwale 2016 ku Neno, ku Malawi, okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a kwawo komweko atanamiziridwa kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Si kutali, ndipo ndi anthu olankhula chilankhulo chathu chomwechi. Kuno kwathu lamulo la Lei 3/2014 la pa 5 Febuluwale 2014 limateteza aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo, ndipo kunena wokalamba kuti ndi mfiti, kumumana chakudya kapena kumutaya ndi milandu yoti munthu n'kumangidwa nayo. Koma apolisi ali kutali, ndipo gulu likakwiya silidikira. Choteteza msanga n'chakuti eni banja mupite kwa amfumu ndi kwa akulu a mpingo matenda akangoyamba, mukanene kuti mayi athu mutu wayamba kuiwala, achipatala awaona, mukawapeza akuyenda usiku muwagwire padzanja muwabweze kunyumba. Awa ndi matenda okhawo amene ndikuti anenedwe, koma anene ndi eni ake, masana, kwa anthu oyenera. Pachitseko mangani kachitini kokhala ndi timiyala kuti kazilira akamatsegula. Chingwe cha pamwendo ndi loko wa panja, munthu ali yekha mkati, zimenezo ayi.

Ntchito iyi imatopetsa mtima kuposa thupi. Wachapa, wayanika, pongotembenuka aipitsanso. Wawaphikira, adya, koma alendo akabwera akuti sunawapatse kanthu chiyambire dzulo. Mkwiyo udzabwera ndithu, usadzinamize. Ukaumva ukukwera, ona kuti agogo ali pabwino, tuluka, kaime kuseri, kamwe madzi. Kutsina, kukankha, kuwachepetsera chakudya ndi madzi kuti asamaipitse pafupipafupi, zonsezo ndi nkhanza ngakhale palibe wakuona. Ukaona kuti sungathenso, pita kwa nkhoswe wako ukanene kuti ndalephera, apeze wina. Pamenepo palibe manyazi. Choipa n'kumanga katundu usiku n'kusiya munthu wosayenda ali yekha m'nyumba.

Inu a kutauni, musamangofika pa Khirisimasi ndi thumba la mpunga n'kuyamba kuloza fumbi. Bwerani nthawi zina osanena. Khalani ndi mayi anu panokha wantchito atapita kumadzi, muwafunse mofatsa. Onani kumsana, zidendene, zikhadabo, mumve fungo la zofunda. Onani ngati amadzidzimuka kapena kungoti zii wantchitoyo akalowa. Musakhulupirire dandaulo lililonse musanafufuze, koma musatayenso dandaulo lililonse ponena kuti ndi ukalamba. Mukapeza cholakwika itanani ankhoswe, musamukalipire pamaso pa ana. Mukapeza zili bwino nenani kuti zili bwino, ndipo usiku umenewo mugone ndi amayi ndinu, iye apite akaone kwawo.

Mathero a ntchito imeneyi amadziwika. Tsikulo likafika, wowasamala asachite chilichonse yekha. Aitane oyandikana nawo ndi mwini mbumba, asasunthe katundu, ndipo makiyi ndi kope azipereke pamaso pa mboni. Kukonza thupi ndi kwa adzukulu monga mwa mwambo, si kwake. Inu abale amene mwafika maso ali pa mbuzi ndi malata, musayambe ndi kumupanikiza mafunso ngati wopalamula. Mufunseni za masiku omaliza, pakuti ndiye anamva mawu otsiriza, ndipo mwina pali zimene anatumidwa kuti akuuzeni. Pasiwa akhale pamodzi ndi ofedwa, asamangotumidwa kumadzi ndi kunkhuni. Malipiro ake onse, ndi a mwezi umene sunathe omwe, aperekedwe katundu wa malemu asanagawidwe. Zamaliro zikatha, munthu wamkulu wa pabanjapo amuperekeze mpaka pakhomo pa makolo ake, akanene pamaso pawo kuti mwana wanu uyu ntchito yake waigwira, tamubweza ali bwino, ndipo mlandu palibe.